Dikishonale, Wometa Theka la Mutu

M'banja mwathu muli anthu amene anapitako kusukulu, koma palibe amene anazunza mtundu wa anthu ndi maphunziro ngati mwana wa mlongo wanga, uja amameta tsitsi pa babashopu yopanikizika pakati pa okonza mafoni ndi wosoka nsapato. Dzina lake lenileni ngakhale mayi ake analiiwala. Tonse timangoti Dikishonale. Mukafika mumsewu umenewo n'kufunsa kuti kwa Dikishonale ndi pati, anthu sakulozerani msanga. Amayamba akuyang'anani kumutu, kenako m'maso, kenako amafunsa ngati kunyumba mwatsanzika bwino.

Ine ndinalipo tsiku limene anabadwa. Ana a anthu amafika akulira. Uyu anangotuluka, n'kumuyang'ana namwino, kudikira kuti alakwitse mawu. Mlongo wanga amakana zimenezi, koma iye anali atatopa, sanaone bwino.

Matendawa anakula ali ku pulayimale. Bambo ake ankalondera pa ofesi ina, ndiye tsiku lina anabwera ndi chibuku chonenepa chimene a pa ofesipo ankatsamiritsa chitseko kuti chisamamenyeke ndi mphepo. Inali dikishonale ya Chingerezi. Tsoka lake, makoswe anali atayamba kale kuiwerenga kuchokera kumapeto, ndipo anali ophunzira akhama. Anadya kuyambira Z mpaka E, mwanayo n'kumusiyira A, B, C ndi D. N'chifukwa chake mpaka lero mukamufunsa mawu oyamba ndi M amayamba kukamba za nyengo. Koma pa D pokhapo, abale anga, ngakhale amene anapanga Chingerezicho angapemphe madzi akumwa.

M'masamba a D amenewo ndi mmene anakumana ndi zibwenzi zake ziwiri zoyamba, zomwe mpaka pano sanazisiye: mawu akuti desert ndi akuti dessert. Anyamata anzake ankakangana za mpira ndi za atsikana. Iye ankayenda ndi mawu awiriwa ngati munthu amene watola chinthu chamtengo wapatali ndipo sakudziwa woti amuonetse. Anaonetsa mayi ake, mayi ake anamutuma kukatunga madzi. Anaonetsa aphunzitsi, aphunzitsi anapempha kusamutsidwa. Anaonetsa ine, ndipo ine monga malume achikondi ndinamuuza kuti mphatso yotere si yoonongera abale, akaipereke kwa anthu akunja. Ndimanyadira kuti anandimvera.

Mayeso omaliza sanakhoze. Anzake ali kalikiliki kuyankha mafunso, iye anali kalikiliki kuwakonza mafunsowo, ndipo kumapeto anawapatsa malikisi. Akuti amene anapanga mayesowo anawalepheretsa.

Ndiye anayamba kufuna ntchito, kapena tinene zoona, anayamba kufuna omvera. Anakhalako kondakitala wa minibasi, koma anthu ankatsika asanafike kwawo, ena galimoto ikuyenda. Anagulitsako m'golosale, koma munthu wobwera kudzagula machesi amakhala ndi moto woti akakoleze, sangadikire. Anayesako kuperekera zakudya mu lesitilanti. Kumeneko anangotha tsiku limodzi, chifukwa anapeza mawu ake okondedwa pa khoma atawalemba ndi S mmodzi, ndipo anakana kupereka chakudya kwa aliyense mpaka nkhaniyo itakambidwa.

Madzulo ena anabwera kwathu nkhope ili khuma.

"Malume, ndalipeza vuto la anthu."

"Tiuze, mwana wa mlongo wanga."

"Ali ndi miyendo."

Ndinamuuza kuti zimenezo ndi za Mlengi, sitingazisinthe. Koma mwanayu ndi wanzeru, zimenezo sindimumana. Tsiku lina anakameta, ndipo ali pampando magetsi anathima makina atangodutsa mbali imodzi. Anakhala pompo, theka la mutu lili mbee, theka lili nkhalango, osatha kutuluka chifukwa cha manyazi. Munthu wina akanakwiya. Iye anadziyang'ana pagalasi ndipo anaona tsogolo lake lonse. Anazindikira kuti padziko lapansi pali munthu mmodzi yekha amene ali ndi miyendo koma sangathawe: wometedwa theka.

Anaphunzira kumeta mwakhama ngati wofuna kukhala dokotala, ndipo dzanja linabwera. Izi ndinene poyera, chifukwa adani ake amazibisa: mwanayu amameta. Mzere wake wa pamphumi ungayezere maziko a nyumba.

Kagwiridwe kake ka ntchito kanali kotere. Mukalowa amakulandirani mwaulemu, kukupukutirani mpando, kukumangani nsalu pakhosi, mfundo yake yolimba ngati akumanga mbuzi yopita kumsika. Amatsuka makina ndi sipiliti, n'kuyamba mbali ya kumanja. Mbali imeneyo amameta ali duu, mofulumira, mokongola, inu n'kumati anthu amamunamizira mwanayu. Akafika pakati penipeni pa mutu, makina aja thimu. Amawaika pashelefu, n'kutsamira galasi, manja n'kupinda.

"Achimwene, mundikhululukire. Kodi mukudziwa kusiyana kwa desert ndi dessert?"

Mukati mukudziwa, amati tafotokozani, ndipo mumalakwa. Mukati simukudziwa, maso ake amawala ngati a mwana amene waona maswiti.

"Desert wa S mmodzi, achimwene, ndi chipululu. Mchenga wokhawokha, ludzu, ngamila, popanda ngakhale kamtengo koti galu akwezepo mwendo. Potchula mumamenya kumayambiriro: DE-zati. Koma dessert wa ma S awiri ndi kachakudya kotsekemera kamene anthu amadya atakhuta kale, kaya keke, kaya ayisikilimu. Ameneyo mumakoka kumapeto: di-ZAA-ti. Tanenani."

Ndiye munthu wamkulu, wa ana ake ndi ulemu wake, nsalu ili m'khosi, amayamba: "Di-zaa-ti."

"Mwathamanga. Keke sathamangira. Bwerezani."

Mukaganiza kuti mwawoloka, amakweza chala. "Koma dikirani! Desert yemweyo wa S mmodzi, akatanthauza kuthawa, monga msilikali kuthawa nkhondo kapena bambo kusiya mkazi ndi ana, amatchulidwa ngati keke uja!" Apa ndi pamene amuna ambiri ankayamba kulira. Akaona misozi ankayatsa makina n'kumeta mbali ya kumanzere, koma pakamwa posatseka. Mbali imeneyo ankameta akubwereza phunziro lonse kuchokera pachiyambi, dzanja likuyenda limodzi ndi lilime.

Anthu anavutika, abale. Wina analowa ali mnyamata, potuluka anapeza chibwenzi chake chili ndi zidzukulu. Wina phunziro linatalika mpaka mbali ya kumanja inameranso, ndipo anayambiranso, kumeta ndi phunziro lomwe. Panali kalaliki wina wolimba mtima amene anadula nsalu n'kuthawa ndi theka lake. Anayenda chammbali ngati nkhanu, tsaya lili kukhoma, mpaka kuntchito kwake, ndipo kumeneko tsiku lonse ankalankhula ndi abwana ake atawapatsa khutu limodzi. Mkulu wina anayesa kunamizira kugontha. Dikishonale anangotenga sopo n'kulemba phunziro lonse pagalasi. Ndipo tsidya la msewu kunabwera mayi wogulitsa zipewa, amene panopa ali ndi nyumba ya malata ndipo amamutchula mwana wa mlongo wangayu m'mapemphero.

Anakwatira, musadabwe. Mkazi wake ndi munthu wofatsa, wosoka madiresi, amene anamva phunziro lija tsiku loyamba kufunsiridwa, n'kuganiza kuti ndi manyazi chabe a mnyamata, adzasiya. Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Lero anaphunzira kugona maso ali tong'o, mutu ukugwedezeka wokha movomereza. Ali ndi ana awiri, ndipo onse amadya kuchokera pampando wometera uja. Mawu oyamba a mwana wamkulu sanali "amama". Sindinena kuti anali chiyani, koma anakoka kumapeto.

Tsono babashopuyo si yake. Mwini wake ndi mayi wina amene tonse timangoti Madamu, yemwe alinso ndi saluni ya azimayi kuseri kwa khoma lomwelo. Madamu ndi munthu amene akaima pakhomo m'chipinda mumada. Makiyi amamanga m'chiuno, ndiye asanafike mumayamba mwamva ngwelengwele, ngati kukubwera ng'ombe yotsogolera. Anamupirira Dikishonale nthawi yaitali chifukwa cha dzanja lake. Koma babashopu zina zonse za m'dera lathu zinali zitalumbira kale kuti munthu ameneyu sadzagwira makina awo, ngakhale kusesa tsitsi. Mpando wa Madamu unali womaliza, ndipo Dikishonale ankadziwa.

Chimene chinaphulitsa chithupsa ndi dalaivala wa basi. Anaimika basi yodzaza panja, injini ikulira, n'kuuza apaulendo kuti akungochotsako pang'ono. Dzuwa linasuntha. Apaulendo anatsika mmodzimmodzi n'kudzaza babashopu, ena pawindo, ndipo Dikishonale ataona khamu lotero anakwera pabenchi. Mayi wina woyembekezera anachira konko, mwanayo mpaka anayamba kukwawa. Phokoso litafika kusaluni, tinamva makiyi.

"Iwe," anatero Madamu, anthu atabalalika. "Ine ndinatsegula babashopu kapena yunivesite?"

"Babashopu, Madamu. Komatu anthu akufa ndi umbuli."

"Afe atameta. Tamvera. Loweruka mwana wanga akukwatiwa. Amene amameta bambo ake wapita kumaliro, ndiye adzabwera kwa iwe m'mawa wa tsikulo. Ine ndidzaima apa. Ukadzatulutsa liwu limodzi la phunziro lako mutu usanathe, kapena makina akadzaima pakati, udzandisiyire kiyi patebulopo. Wamva?"

"Nanga akadzafunsa okha?"

Madamu anaseka mpaka makiyi anavina. "Chibadwire chako, alipo anakufunsapo?"

Panalibe. Ngakhale mmodzi. Dikishonale anazyolika.

Loweruka ine ndinalawirira, chifukwa mwana wa mlongo wako akakhala pamavuto uyenera kupeza malo abwino oonera. Ndinakhala pabenchi ndi wosoka nsapato uja, amene anatseka ntchito yake chifukwa cha mwambowu. Dikishonale anali atatsuka chilichonse kawirikawiri. Mkazi wake akuti anamuperekeza mpaka pamsewu n'kumuuza kuti, "Bambo a ana, lero mukaganize za ana. Mawuwo mukabwera nawo kuno, ndidzamvera ine." Chikondi chotere chimasowa.

Amuna a Madamu analowa atavala malaya oyera ndi buluku la suti, jekete atalikoleka pamkono. Ndi bambo wamfupi, waulemu, amene anapuma ntchito yosunga katundu pa fakitale. Chuma chawo chonse chinali kumutu. Pakati panali dazi lotambalala ngati bwalo la mpira, koma iwo anasunga tsitsi la kumanzere kuti litalike, n'kumalidaya bii, n'kumalipesera pamwamba kuti lifunditse bwalolo. Mphepo ikaomba ankayenda atapendeka. Anthu onse ankadziwa, koma palibe ankanena, chifukwa munthu ndi chinsinsi chake.

"Mwana wanga, ungosalaza m'mbalimu," anatero akukhala. "Denga usaligwire."

"Chabwino, bambo."

Madamu anaima pakhomo, manja m'chiuno, m'mutu muli zopiringizira tsitsi. Makina analira. Mbali ya kumanja inatha bwinobwino, yosalala ngati tsaya la khanda. Makina atafika pamalo paja pamene amaima nthawi zonse, ndinaona chala cha Dikishonale chikufika pa switchi. Anachichotsapo, n'kuzungulira kumanzere. Wosoka nsapato anandigunyuza, tonse tinati mwana wapulumuka.

Pamenepo bambo aja anatsokomola.

"Mwana wanga, akuti iwe Chingerezi umachidziwa. Tandithandiza. Mkwatibwi wandiuza kuti ndikamaliza kulankhula kuholo ndiitanire alendo ku tebulo la zotsekemera, ndipo ndinene m'Chingerezi chifukwa kuchimuna kuli anthu a mataye. Dzulo ndayeserera, ana andiseka mpaka kugubuduka. Akuti ndikuitanira anthu kuchipululu. Kodi desert ndi dessert zimasiyana pati?"

Abale, ndakhalapo pamaliro ambiri, koma sindinaonepo nkhope ngati imeneyo. Munthu wadikira funso limeneli chibadwire. Walisaka m'minibasi, m'golosale, pamitu ya anthu osalakwa. Lero labwera lokha, laulemu, litavala malaya oyera, ndipo pakhomo paima Madamu. Anatembenuka kuwayang'ana ngati galu wopempha fupa. Madamu anangogwedeza makiyi kamodzi.

"Bambo ake, musiyeni amete. Lero salankhula."

"Aa, mayi ake, ndi funso chabe. Tanena, mwana wanga."

Dikishonale anatsegula pakamwa, n'kutseka. Anatsegulanso. Mawu amene anatuluka anali aang'ono ngati a mwanapiye.

"Sindikudziwa, bambo."

Kunja mbalame zinasiya kulira. Wosoka nsapato anavula chipewa.

Tsono ine sindingaone mkulu mnzanga akupita kukachita manyazi pamaso pa apongozi ake, ndiye ndinathandizapo. "Achikulire, musavutike, ndi mawu amodzi omwewo. S wachiwiriyo amangoonjezera anthu olemera, ngati galimoto yachiwiri."

"Ayi," anatero wosoka nsapato. "Ine ndinamva kuti wina ndi wamwamuna, wina ndi wamkazi."

"N'zoonanso zimenezo," ndinatero. "Ndipo pochulukitsa amaika ma S atatu."

"Oho," anatero bambo aja, akugwedeza mutu mokhutira. "Ndiye ndizingonena mmene ndimaneneramo."

Mtsempha wa pakhosi pa Dikishonale unatupa ngati payipi. Thukuta linali kamukamu. Koma sanalankhule, ndipo apa ndi pamene tonse tinaphunzira chinthu chimene ngakhale mwini wake sankachidziwa. Dzanja lake linali lisanametepo mbali ya kumanzere pakamwa pali potseka. Kumanja linkadziwa njira lokha. Kumanzere linkatsogoleredwa ndi lilime, ngati wakhungu ndi ndodo yake. Lilime litamangidwa, dzanja linasochera. Makina anakwera pamwamba pa khutu, n'kupitirira, n'kulima msewu wolunjika kudenga kuja anati asakugwire.

Chinthu chakuda, chachitali, chinatsetsereka pansalu n'kugwa pansi mwakachetechete. Wosoka nsapato anakweza miyendo, ankayesa khoswe.

"Chagwa n'chiyani?" anafunsa bambo aja.

"Ndikukonza, bambo."

Kukonza kwake kunali kutsitsa kumanja kuti kufanane ndi kumanzere. Atabwerera kumanzere, dzanja linasocheranso. Anatsitsanso kumanja. Pansi pa dayi panatuluka imvi, pansi pa imvi panatuluka khungu limene linali lisanaone dzuwa chiyambire ulamuliro wa makolo athu. Bwalo la mpira lija linakula n'kukhala bwalo la ndege. Pomaliza panalibenso choti n'kufananiza. Mutu wonse unali mpala, ukung'anima moti okonza mafoni anabwera kudzafunsa amene wayatsa getsi masana.

Makina anathima. Bambo aja anadziyang'ana pagalasi nthawi yaitali, akusisita pamene panali chuma chawo.

"Mayi ake," anatero motsitsa, "munthu uyu ndi ndani?"

Madamu sanakuwe. Zikanakhala bwino akanakuwa. Anangotambasula dzanja n'kuloza patebulo.

"Komatu sindinalankhule, Madamu."

"Ndikuona. Kiyi."

Dikishonale anapisa m'thumba, n'kuika kiyi patebulo pambali pa botolo la sipiliti. Anayamba kulongedza zipeso zake m'kachikwama, pang'onopang'ono, ndipo ndinadziwa kuti akuganiza za mmene akalowere pakhomo pake dzuwa lili pamutu. Ngakhale ine mtima unandiwawa, mpaka ndinasiya kuseka kwakanthawi.

Koma bambo aja anali adakali pampando, nsalu ili m'khosi, ndevu zili nyankhalala. Munthu amene wataya denga saopanso mvula.

"Mayi ake, mwamuchotsa ntchito?"

"Ndamuchotsa."

"Ndiye si wantchito wanunso. Lamulo lanu silikumukhudza. Iwe mwana wanga, tsitsi wandilanda, usandilandenso ulemu kuholo. Ndiuze za mawu aja. Ndipo malizitsa ndevuzi, sindingatuluke ngati mbuzi yometedwa."

Dikishonale anayang'ana Madamu. Madamu anayang'ana kudenga. Mwanayu anatola makina, n'kuyatsa, n'kukoka mpweya umene unachepetsa mphepo m'chipinda chonse.

"Desert wa S mmodzi, bambo, ndi chipululu..."

Ndipo dzanja linadzuka. Abale, ndinaona ndi maso angawa. Pa mchenga ndi ngamila, tsaya la kumanzere linasalala. Pa keke ndi ayisikilimu, mzere wa ndevu unatsika kuchokera kukhutu wowongoka ngati wojambula ndi lula. Pofika pa msilikali wothawa nkhondo anali akuzungulira pakamwa, mopepuka ngati akupukuta khanda. Sanathimitse makina n'kamodzi komwe, chifukwa munthu wofunsa yekha safunika kumutchera msampha. Bambo aja ankabwereza, "Di-zaa-ti, di-zaa-ti," mlomo uli chammbali. Pomaliza anawapaka mafuta pampala paja, n'kuwathira paudala m'khosi, n'kuchotsa nsalu.

Munthu amene anaimirira pamenepo sanali wosunga katundu wopuma ntchito. Mutu uli phuliphuli, ndevu zodulidwa ngati za mwini banki. Anavala jekete, n'kudzitembenuza uku ndi uku pagalasi.

"Mayi ake, mukuti bwanji?"

Madamu anawazungulira kamodzi. "Mwina mphepo muzitha kuyenda nayo mowongoka," anatero. Kwa Madamu amenewo ndi mawu achikondi, ndipo bambo aja anatuluka akumwetulira ngati mkwati ndi iwo.

Kenako Madamu anatembenukira kwa Dikishonale, amene anali ataima ndi kachikwama kake.

"Ndiye kuti iwe ukatseka pakamwa, dzanja limafa?"

"Zikuoneka choncho, Madamu."

"Ndipo ukatsegula, makasitomala amafa."

"Amaphunzira, Madamu."

"Khala chete." Anatola kiyi uja, n'kumuyeza m'manja ngati akuganiza zomugenda naye. "Tamvera lamulo latsopano. Makina akamayenda, lankhula mpaka lilime lituluke thovu. Makina akaima, pakamwa paime. Ndili kuseri kwa khomali, ndizimva. Ndikangomva mawu opanda makina, usadzadikire kuti ndibwere." Anamuponyera kiyi, ndipo anamuwakha ndi manja awiri ngati akulandira mwana kuchipatala.

Kuholo, bambo aja anakoka di-ZAA-ti wawo motalika mpaka ayisikilimu anasungunuka, ndipo a mataye aja anaomba m'manja.

Mpando Dikishonale adakali nawo mpaka lero, ndipo ana akudya. Koma musaganize kuti anthu anapulumuka. Poyamba anayesa kuchenjera, kumangoyatsa makina m'mwamba kuseri kwa khutu la munthu, iye akuphunzitsa. Madamu ali ndi makutu a mleme. Anamenya khoma n'kukuwa kuti makina odya tsitsi salira choncho, ndipo anaonjezera kuti tsitsi likapanda kugwa, mawunso asagwe. Ndiye panopa mwanayu amasaka tsitsi ngati wosaka golide. Akamaliza mutu amatsikira kundevu. Akamaliza ndevu amalowa m'makutu, kenako m'mphuno, kenako amayang'ana nsidze zanu mwachifundo n'kunena kuti zakula mosalongosoka. Palibe babashopu ina imene munthu amatuluka woyera chotero. Amuna a m'dera lathu panopa amaterera, mvula ikagwa sanyowa.

Sabata yatha ndinadutsako ndipo ndinapeza mkulu wina pampando, mutu watha, ndevu zatha, nsidze zapita, nkhope yodabwa chifukwa analibenso chokwinyira. Phunziro linali litangofika pa ngamila. Dikishonale anamuzungulira, kufunafuna, makina akulira mwanjala. Kuseri kwa khoma makiyi anati ngwele.

"Achimwene," anatero mofulumira, "tapindani malayawo. Mikono yanuyi munaionapo bwinobwino?"